Penti idzabwera pomalizira

Mwana wa mlongo wanga,

Amayi ako andiuza kuti ndalama za soya wagulira njinga yamoto yakale, Lifo yong'ambika mpando, ndipo wayiimika kuseri kwa nkhokwe. Akuti pakamwa pako pangokhala penti yofiira, timagetsi tabuluu ndi sipika. Ndakondwa kuti uli ndi chakochako. Koma ine atsibweni ako njira imeneyi ndinaidutsa, ndipo chipsera chili pa bondo langa lamanzereli sichinabwere ndi khasu.

Yanga yoyamba ndinagulira ndalama za mbatata ya kachewere. Ndinakagula penti ku boma la Dedza, ndinasoketsa mpando, thanki inkachita kung'anima. Za mabuleki ndinati ndidzaona mwezi wamawa. Tsiku lina ndinakweza matumba awiri kulowera ku Linthipe, mvula itangokata kumene. Pa mtsetse ndinaponda buleki, phazi linangotsika mpaka pansi, njinga osamva. Ndinakadzukira mu ngalande, mbatata ili mbwee mu msewu. Titatsegula gudumu lam'mbuyo, mabulekishu anali atadyeka mpaka pa chitsulo. Miyezi iwiri ya dzinja sindinapalire, amayi ako ndi amene anandisamalira munda. Njinga ija inali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Usanagwire sipana, yamba ndi mapepala. Njinga zambiri za kuno zimalowa kuchokera ku Mozambique, ndipo zina zadutsa m'manja mwa anthu asanu. Pukuta nambala ya injini ndi ya felemu, uzilembe m'kope. Ngati pali popala kapena pomenyedwa ndi nyundo, bweza njingayo lero lomwe. Wokugulitsa akulembere kalata pamaso pa anyakwawa ndi mboni, ndipo ufunse za msonkho wa MRA, chifukwa popanda umenewo kulembetsa ku Road Traffic kudzakuvuta. Kukongoletsa njinga imene mawa apolisi adzakulanda n'kumangira nyumba pa malo a eni.

Zikatheka zimenezo, yala thumba pakhonde, peza zitini zitatu zoponyamo mabawuti, ndipo chilichonse usanamasule uchijambule pa foni. Imika njinga pa sitandi yapakati. Gwira gudumu ndi manja awiri, uligwedezere uku ndi uku. Likamati gwedegwede, maberingi atha. Tenga sipana yaing'ono, ugogode masipoko limodzilimodzi. Lolimba limalira ngati belu, lomasuka limangoti phu. Kenaka koka tcheni kumbuyo kwa sipuloketi. Ikanyamuka mpaka mano kuonekera, kapena manowo atasongoka ngati minga ya mthethe, sintha zonse zitatu pamodzi, tcheni ndi masipuloketi awiri. Anzako adzakuuza kuti ungodula mfundo imodzi. Tcheni yatsopano pa mano akale siikhalitsa, ndipo yakale yodula imadukira pa chitunda, wokwera ali kumbuyo. Pokunga siya mpata woti iziseweramo zala ziwiri.

Injini usaithamangire. Kawirikawiri imangofuna oyilo watsopano, pulagi ndi mpweya wabwino. Kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kunyanja, choncho njinga yochokera kuchigwa imamwa petulo wopitirira, pulagi n'kuda mwaye. Pulagi yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Tsuka siponji ya mpweya, pakuti fumbi la mu Okutobala limaitseka msanga. Ika kasefa kakang'ono pa paipi ya petulo. Mafuta akasowa tonse timagula a m'zigubu, ndipo zinyalala ndi madzi zimakathera mu kabuleta. Koma ukaona utsi wabuluu ukutuluka osaleka, amenewo ndi maringi. Pita nayo kwa makaniko wodziwa, ukhale pambali pake uziona. Injini yotsegulira pa dothi imameza mchenga.

Ndikudziwa kuti m'thumba mwako mwapepuka. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kachitsulo kalikonse kochokera kunja kanakwera mtengo. Ndiye dziwa zogula zakale ndi zogula zatsopano. Madigadi, magalasi, kaliyala, zotchinga za m'mbali, izi funa kwa amene anaphwasula njinga yakufa. Mabulekishu, maberingi, zingwe za buleki ndi tayala lakutsogolo, izi gula zatsopano ngakhale utagulitsa mbuzi. Ukamapita ku Malangalanga ku Lilongwe, nyamula chakalecho m'jumbo, ukachiyerekeze ndi chatsopano pa kauntala pomwepo. Ine ndinabwererapo kawiri chifukwa chodalira maso.

Tsono tifike pa zimene mtima wako ukufuna, pakuti si tchimo kufuna njinga yokongola. Mpando ukhoza kuukonza wekha: dula siponji ya matiresi akale, telala akusokere chikopa, ukhomerere ndi timisomali. Kaliyala yolimba ya matumba wowotcherera akupangira, koma ikhale yomangira ndi mabawuti, asawotcherere pa felemu. Ngati pali powotcherera pa njinga penipenipo, chotsa thanki, batire ndi CDI. Mafoloko opindika usalole munthu kuwawongola ndi moto. Ekizozi usaiboole. Phokoso silionjezera liwiro, limangothawitsa amayi amene akanakwera kupita kusikelo.

Pa magetsi ndiye ndikupempha. Mu Juni ndi Julaye chifunga cha kuno chimabisa ng'ombe ili pafupi ngati khomo ndi nkhokwe. Nyali yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo ziyake bwino usanaganize za timagetsi tokongoletsa. Ukamationjezera, ika fyuzi, ndipo mawaya ukulunge ndi tepi, osati pepala la shuga. Ndinaonapo njinga ikupsa pa siteji chifukwa cha waya mmodzi wokhudza thanki. Helemeti ugule awiri, wako ndi wa wokwera.

Penti ili ndi nyengo yake. M'chisanu siuma bwino, imachita mbuu. Dikira Seputembala. Pala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiyere, tsuka mafuta onse, yamba ndi penti yapansi. Sankha m'mawa wopanda mphepo, uwaze madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Popera patalipatali, mopyapyala, katatu, uku ukudikira kuti iume. Ukaunjika kamodzi imayenderera ngati misozi. Ndipo thanki usaithire petulo mpaka patapita masiku angapo.

Ndibwera Loweruka ndi masipana anga, 10, 12, 14 ndi 17. Ndikapeze utatsuka tcheni ndi palafini, ndipo kalata ya wogulitsa ili m'manja. Ndalama ya penti ija upatse amayi ako akusungire. Tidzayamba ndi gudumu lam'mbuyo.