Chakudya Chabwino cha Banja pa Ndalama Zochepa

Ku Ntchisi mabanja ambiri amagulitsa soya ndi mtedza wonse akangokolola, kenaka nkumadandaula kuti nyama yakwera mtengo. Kumeneku nkulakwitsa. Banja laling'ono lisungeko ngakhale thumba limodzi.

Mayi akazinge soya mpaka apse bwino, pakuti wosakazinga sagayika bwino m'mimba. Asakanize mbale imodzi ya soyayo ndi mbale zinayi za chimanga chosakonola, nakagayitsa kuchigayo. Muyeso umenewu ngofanana ndi wa Likuni Phala, ndipo phala lake limakulitsa ana.

Nkhwani, bonongwe ndi chisoso zotendera sizilira ndalama. M'chilimwe mfutso umalowa m'malo mwake. Motero ndalama za pa sabata zigule mchere wa ayodini, mafuta ophikira pang'ono ndi usipa wodya masiku awiri.

Koma mtedza wachuku usasinjidwe konse, chifukwa umaononga chiwindi.