Webusaiti kapena mapulogalamu: tiyambe ndi kosi iti?

Ambiri a ife tikamafuna luso la zamakompyuta timapeza makosi awiri: yopanga mawebusaiti ndi yolemba mapulogalamu. Fizi nthawi zambiri imachokera ku fodya, soya kapena mtedza umene makolo agulitsa, choncho tikasankha mwachimbulimbuli timataya thukuta la chaka chonse. Zomwe zinachitika ku Namitete zingatithandize kusankha bwino.

Phunziro la ku St. Gabriel

Mu 2008 Josh Nesbit, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anafika pa chipatala cha St. Gabriel ndi laputopu imodzi ndi mafoni wamba 100. Anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi ankayenda mitunda italiitali, wapansi kapena pa njinga, kukapereka malipoti kuchipatala. Webusaiti sikanawathandiza chifukwa m'midzimo munalibe intaneti. Nesbit anagwiritsa ntchito FrontlineSMS, pulogalamu imene Ken Banks analemba mu 2005. Pulogalamuyi imalumikiza kompyuta ndi foni kuti chipatala chizilandira ndi kuyankha mauthenga ambiri nthawi imodzi.

Ntchitoyo inakula n'kukhala bungwe la Medic Mobile, lomwe pano likutchedwa Medic. Pulogalamu yake ya lero, Community Health Toolkit, inalembedwa ndi JavaScript, chinenero chomwe chimayendetsa mawebusaiti, koma imagwira ntchito pa foni ngakhale netiweki itasowa. Zipangizo zinasintha. Chomwe sichinasinthe ndi luso lomvetsa vuto ndi kulamula makina kuti alithetse.

Kusiyana kwake

Kosi ya mawebusaiti imayamba ndi HTML, imene imayala tsamba, ndi CSS, imene imalikongoletsa. Zotsatira zimaoneka tsiku lomwelo, ndipo pakapita miyezi ingapo munthu angathe kupangira tsamba sukulu, loji kapena bungwe la alimi. Vuto ndi lakuti HTML ndi CSS zokha sizingawerengere ndalama kapena kusunga mayina a odwala. Komanso zida monga WordPress zimalola aliyense kupanga tsamba losavuta, ndiye opikisana nawo ndi ambiri.

Kosi ya mapulogalamu imaphunzitsa zinenero monga Python kapena Java. Timaphunzira kugawa vuto m'magawo, kuuza kompyuta chochita zinthu zikakhala mwakutimwakuti, kusunga zinthu mu database ndi kufufuza pamene talakwitsa. Miyezi yoyamba imatopetsa chifukwa palibe chokongola choonetsa anzathu. Koma amene wagwira maziko amenewa savutika kuphunzira mawebusaiti, mapulogalamu a pa foni kapena a kubanki.

Choncho makosi awiriwa si adani. Kulemba mapulogalamu ndi thunthu, mawebusaiti ndi imodzi mwa nthambi zake.

Tisanalipire fizi

Choyamba, tipemphe silabasi. Kosi ya mawebusaiti imene ilibe JavaScript ndi database ingatisiye tikudziwa kukongoletsa kokha.

Chachiwiri, tifunse maola amene tidzakhale pa kompyuta. Luso ili silibwera polemba manotsi m'kope, monga momwe ukalipentala subwera pongoyang'ana macheka.

Chachitatu, tifufuze ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, kuti satifiketi yathu isadzakanidwe pofunsira ntchito.

Chachinayi, tiwerengere nthawi ndi thumba lathu. Amene akufuna kuyamba kupeza kangachepe msanga ayambe ndi mawebusaiti, koma asalekeze pa CSS, alimbikire JavaScript. Amene ali ndi zaka zingapo ndipo akulinga ku digiri pa UNIMA, MUBAS, MUST kapena Mzuni ayambe ndi mapulogalamu, ndipo asathawe masamu. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tipindula kwambiri ndi maziko a mapulogalamu, chifukwa ndiwo tidzaphunzitse ana ngakhale pa sukulu yopanda intaneti.

Njira iliyonse imafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani webusaiti sinali yankho ku Namitete mu 2008?
2. Tchulani vuto limodzi la kwanu, kaya ndi kaundula wa sukulu kapena mabuku a banki m'khonde. Kodi likufunika webusaiti, pulogalamu, kapena zonse ziwiri?
3. Kodi kosi imene mukuiganizira ikukwaniritsa mfundo zingati mwa zinayi zija?