Lole Yakale ndi Zimene Ifuna kwa Mwini Wace

Anzanga, tikaima pa Namitete m'mbali mwa mseu wa ku Mchinji timaona malole akale atasenza cimanga, mtedza, soya, njerwa ndi anthu omwe. Ena a ife timawaseka tikamva kulira kwao. Ine sindiseka ai, pakuti fizi imene ndiphunzirira pa sukulu pano icokera m'lole yotere. Ndi ya atsibweni anga, ya matani atatu, ndipo inayamba kuyenda ine ndisanabadwe. Pa chuthi ndimayenda nao monga wothandiza, ndipo ndaona kuti zambiri zimene tiphunzira m'kalasi la Sayansi ziri momwemo pansi pa mpando wa dalaivala. Tsono ndifuna kuti tiphunzire pamodzi za lole yakale.

1. Cifukwa cace anthu asunga malole akale

Magalimoto onse amene tiri nao acokera kunja. Makolo athu ankadziwa Bedford, lole ya ku Luton m'dziko la England, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1931. Lero malole ambiri ang'onoang'ono ndi a ku Japan, monga Toyota Dyna, Isuzu ndi Mitsubishi Canter, ndipo ambiri afika kuno atagwira kale nchito kwao. Popeza ku Japan ayenda kumanzere kwa mseu monga ife, malolewa atikomera. Abwera pa sitima ya pamadzi kufikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, ndipo kucokera kumeneko ayenda pa mseu.

Mtengo wace utsata ndarama zakunja. Kwacha inacepa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Kotero munthu wa kumudzi amene ali ndi lole yakale aigwiritsitsa, cifukwa sadziwa ngati adzathanso kugula ina.

Cifukwa caciwiri ndi ici: lole yakale iribe kompyuta m'kati mwace. Makaniko wa pansi pa mtengo angathe kuikonza ndi masipanala ace, ndipo zitsulo zace zipezeka ku Malangalanga mu Lilongwe, zatsopano ndi zakale zomwe.

Cifukwa cacitatu ndico kusowa kwa anthu. Midzi yambiri ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma iri kutali ndi tala. Lole yomweyo itenga mabelo a fodya kunka nao ku Kanengo, ibwera ndi feteleza, inyamula anthu a pamaliro, ndipo usiku ithamanga ndi wodwala ku cipatala ca St. Gabriel, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1959. Lole ikafa, sabvutika mwini wace yekha.

2. Momwe injini igwirira nchito

M'caka ca 1876 Nikolaus Otto wa ku Germany anapanga injini imene pisitoni yace iyenda kanai kuti ipereke mphamvu kamodzi. M'caka ca 1897 Rudolf Diesel, wa komweko, anaonetsa injini imene lero tiichula ndi dzina lace. Malole ambiri ali ndi injini ya mtundu wa Diesel, ndipo mayendedwe ace anai ndi awa. Poyamba pisitoni itsika ndi kukoka mpweya. Kaciwiri ikwera ndi kupanikiza mpweyawo m'malo ang'ono kwambiri, kotero kuti utentha kupitirira madigiri 500. Kacitatu dizilo apoperedwa mu mpweya wotenthawo, ayaka yekha popanda pulagi, ndipo akankha pisitoni pansi. Kacinai pisitoni ikwera ndi kuturutsa utsi.

Tsono taonani: mphamvu yonse idalira kupanikiza kwa mpweya. Injini ikakalamba, mphete za pisitoni ziperepeseka ndipo mpweya uthawa. Ndico cifukwa cace lole yakale ibvuta kulira m'mamawa mwezi wa June, pamene zitsulo zazizira. Utsi nao utiuza matenda. Wakuda usonyeza kuti dizilo wacuruka kapena mpweya wacepa; wobiriwira ngati thambo usonyeza kuti oilo alinkupsa pamodzi ndi dizilo.

3. Adani anai

Mdani woyamba ndi pfumbi. M'miyezi ya September ndi October miseu yathu yadothi ifuka kwambiri. Pfumbi likalowa m'injini lisanganizika ndi oilo ndi kunola zitsulo monga mcenga. Cifukwa cace sefa ya mpweya iyenera kugugudidwa kawirikawiri, ndipo oilo wa injini yakale ndi bwino kumsintha pa makilomita 5,000 ali onse.

Waciwiri ndi dizilo wakuda. Pamene mafuta anasowa m'dziko muno m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi 2024, anthu ambiri anagula dizilo wa m'zigubu. Wina anali ndi madzi, wina wosanganiza ndi parafini. Mafuta otere aononga pampu, imene iri citsulo ca mtengo wapatali ndithu. Ndiponso thanki ikaumiratu, mpweya ulowa m'mipope, ndipo injini silira kufikira mpweyawo utaturutsidwa.

Wacitatu ndi katundu wopitirira muyeso. Matumba 60 a makilogramu 50 ndiwo matani atatu. Amene aika matumba 90 aganiza kuti wapindula, koma masipuling'i athyoka, matayala atentha ndi kuphulika, ndipo mabuleki alephera.

Wacinai ndi kutentha. Tinaphunzira kuti madzi awira pa madigiri 100 kufupi ndi nyanja yamcere. Kuno tiri pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo awira msanga, pa madigiri ngati 96. Cibvindikiro ca rediyeta cipanikiza madzi kuti asawire msanga. Amene ataya cibvindikiro ndi kutsekapo ndi cisanza aika injini yace pa ngozi. Ndipo musatsegule cibvindikiro injini iri yotentha, cifukwa madzi adumpha ndi kuocha nkhope.

4. Zimene zinationekera

Mdani wacinaiyu ndimdziwa bwino. Tsiku lina la chuthi ndinaona kuti lamba woyendetsa fani wayamba kung'aluka, ndipo ndinawauza atsibweni. Iwo anati, “Mphwanga, tiyambe tatula fodyayu, lamba tidzagula pobwera.” Tisanafike pa Mpingu lambayo anaduka. Wochi yosonyeza kutentha inali itafa kale, kotero sitinadziwe kanthu kufikira nthunzi inaturuka pansi pa mpando. Injini inapsa gasiketi ndipo mutu wace unapindika.

Lole inakhala pa miyala masabata asanu, nthawi imene alimi onse anali kufuna wowanyamulira mabelo. Fodya tinali naye uja anapita pa lole ya munthu wina, ndipo tinalipira ndife. Sukulu itatsegulidwa ndinakhala kunyumba masabata awiri kudikira fizi. Lamba anali wa mtengo wocepa, wopezeka m'sitolo iri yonse ya zitsulo. Atsibweni sananene zambiri, koma kuyambira pamenepo m'bokosi la masipanala simusowa lamba wapadera, ndipo wochi ija anaikonzetsa.

5. Za mabuleki

Pano pali phunziro limene likhudza moyo wa anthu. Mphamvu ya cinthu coyenda ikula monga liwiro kulicurukitsa ndi liwiro lomwelo. Lole yothamanga makilomita 80 pa ora ifuna mtunda wotalika kanai kuti iime, kuyerekeza ndi yothamanga makilomita 40. Ndiponso mabuleki aimitsa lole posandutsa mphamvuyo kukhala kutentha, ndipo akatentha kwambiri aleka kugwira. Cifukwa cace dalaivala wanzeru atsika citunda ali pa giya yaing'ono. Ena acotsa giya potsika kuti apulumutse mafuta. Kumeneko ndiko kugula malita awiri ndi miyoyo ya anthu okhala kumbuyo.

6. Kuwerenga mtengo

Mwini lole ayenera kudziwa Masamu. Tiyerekeze kuti ulendo wa ku Lilongwe kupita ndi kubwera ndi makilomita 100, ndipo lole iyenda makilomita 6 pa lita. Ulendowo ufuna malita 17. Ambiri awerenga mafuta okhawo, ndipo zotsala ayesa phindu. Koma pa ulendo womwewo matayala atha pang'ono, oilo wakalamba pang'ono, ndipo tsiku lolipira inshuwalansi ndi cipepala ca COF layandikira. Cipepala cimeneci cicokera ku Road Traffic, ndipo cisonyeza kuti galimoto yayesedwa ndi kupezeka yoyenera kuyenda pa mseu. Amene sapatula ndarama za zimenezi pa ulendo uli wonse alinkudya lole yace pang'onopang'ono osadziwa.

Ifika nthawi imene ndarama zokonzera ziposa zimene lole ibweretsa. Pamenepo nkwabwino kuigulitsa, ngakhale mtima uwawe.

7. Nchito ya m'mamawa

Asanalize injini, dalaivala ayang'ane zinthu izi: oilo, madzi a m'rediyeta, mafuta a mabuleki, lamba, mpweya wa m'matayala, mabauti a mawilo, nyali, ndi pansi pamene lole inagona, ngati padontha kanthu. Nchitoyi sitenga mphindi khumi. M'batire athiremo madzi oyeretsedwa, osati a pa mjigo.

Ena a ife tidzakhala alimi, ena amakaniko, ena tidzangokwera kumbuyo. Tonse tidzakhudzana ndi lole yakale. Tsono yesani mafunso awa, ndipo mayankho mupatse aphunzitsi a Sayansi.

(a) Cifukwa ninji injini ya dizilo sifuna pulagi?

(b) Lole iima pa mamita 15 ikaponda mabuleki pa liwiro la makilomita 40 pa ora. Idzaima pa mamita angati pa liwiro la makilomita 80?

(c) Lole ya matani 5 iyenera kunyamula matumba angati a makilogramu 50?