Botolo la Mnzake

Pa 15 September 2018, mumzinda wa Wellington, mnyamata wa ku Eastern Cape anatseka pakamwa anthu a ku New Zealand. Aphiwe Dyantyi anagoletsa kawiri, ndipo nthawi itatsala pang'ono kutha anathamangira Damian McKenzie wa New Zealand mpaka mpira unamupulumuka m'manja. Springboks, timu ya rugby ya South Africa, inapambana 36-34. Timuyi inali isanapambanenso pakwawo pa All Blacks, timu ya New Zealand, chiyambire 2009.

Chokoma m'nkhani yake n'chakuti rugby anali ataisiya. Ku sukulu ya Dale College ankamuona kuti ndi wochepa thupi, moti atapita ku University of Johannesburg ankangomenya mpira wa miyendo. Anzake a ku hostelo ndiwo anamukokeranso ku rugby, ndipo liwiro lake silinabisike. Timu ya Lions inamutenga, mphunzitsi Rassie Erasmus anamuitana ku timu ya dziko, ndipo m'masewero ake oyamba, olimbana ndi England pa Ellis Park mu June 2018, anagoletsa. Chaka chisanathe, bungwe la World Rugby linamupatsa mphoto ya wosewera watsopano amene waposa onse padziko. Anali ndi zaka 24 zokha. Malaya a nambala 11 anali ake, ulendo wa ku chikho cha dziko lonse ku Japan uli pakhomo.

Mu July 2019 a bungwe loona za mankhwala oletsedwa m'masewero ku South Africa anamuyeza mkodzo ali ku kampu. Anapezamo mitundu itatu ya mankhwala okuza minofu: metandienone, methyltestosterone ndi LGD-4033. Iye anakana kuti sanamwe dala. Anafotokoza kuti mwina zinalowa m'thupi pamene anamwa za m'botolo la mnzake kumalo olimbitsira thupi.

Kodi ananena zoona? Mtima wa munthu ndi wake, ine sindingaulowe. Koma lamulo la masewero pa nkhani imeneyi silifunsa za mtima. Chilichonse chopezeka m'thupi mwa wosewera ndi mlandu wa iye mwini, ndipo akafuna kuti chilango chichepe ayenera kuonetsa yekha umboni wa njira imene mankhwalawo analowera. Oweruza sanakhutire ndi nkhani ya botolo ija. Anamuletsa kusewera zaka 4, mpaka August 2023. Kwa wosewera amene chuma chake chonse ndi liwiro, zaka zapakati pa 25 ndi 29 ndiye nthawi yokolola.

Pa 2 November 2019 ku Yokohama, South Africa inathyola England 32-12 n'kutenga chikho. Amene anavala nambala 11 tsiku limenelo anali Makazole Mapimpi, nayenso mwana wa ku Eastern Cape, ndipo ndiye anakhala woyamba m'mbiri ya Springboks kukagoletsa kuseri kwa mzere mu fainolo. Dyantyi sanali m'gulu lopita ku Japan. Chilango chitatha anabwerera m'bwalo ndi timu ya Sharks ya ku Durban, koma anzake atatenganso chikho ku France mu 2023, iye panalibe.

Inu achinyamata amene mumanyamula zitsulo m'mawa uliwonse, kaya ndinu a rugby, a mpira kapena othamanga, nyamulani botolo lanulanu. Ufa wa m'chitini umene mnzanu akukuyamikirani kuti umamanga thupi msanga, kaonetseni kaye kwa dokotala wa timu musanaulawe.