Namwino Akatopa: Kudzifunsa Tisanasankhe Kolowera

Abwenzi, m'phunziro lino tiganizira za namwino amene watopa mpaka kufika posafunanso kuona geti la chipatala. Ena mwa ife ndi anamwino, ena tili ndi mlongo, mkazi kapena mwamuna pa ntchitoyi. Otsalafe tinagonapo mu wodi kapena kukhalapo gadiyani, choncho mawu a namwino amene wachezera usiku wonse ali chiimire timawadziwa.

Tiyerekeze mayi amene wagwira zaka 9 ku wodi ya ana. Poyamba ankathamanga akangomva mwana akulira. Lero gadiyani akati, "Anesi, dripu yatha," mtima wake umangoti zii, mwinanso umapsa, kenako amadzida yekha chifukwa chopsa mtimacho. Akaweruka amagona, koma amadzuka ali wotopa. Tsiku lopuma amalowa lokamu poti fizi ya ana ikudikira. Mnzake wa ku koleji ali ku Manchester ndipo amatumiza zithunzi pa WhatsApp. Wina anasiya, akuchita bizinesi. M'minibasi popita kunyumba funso limakhala limodzi lokha: kodi ndisiye?

Kutopa kwa mtundu umenewu kunaphunziridwa kale. Mu 1974 katswiri wa za maganizo, Herbert Freudenberger, anakuona mwa anthu odzipereka amene ankathandiza pa kiliniki yaulere ku New York, ndipo anakulemba pa dzina la Chingerezi lakuti burnout. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti vutoli limabwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito kumene sikunathetsedwe. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito mpaka kuiona ngati yopanda pake, ndi kuchepa kwa luso limene munthu anali nalo.

Tione bwino pamenepa: gwero lake lili pa ntchito. Anamwino athu anadutsa mu COVID-19 kuyambira mu 2020, kenako kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700, namondwe Freddy n'kubwera pamwamba pake mu Malichi 2023. Munthu amene wasenza zonsezi akafooka, sitinganene kuti ndi waulesi kapena kuti alibe chikondi. Tikunena izi poyambirira chifukwa kudzifufuza kumasanduka msanga kudziimba mlandu, ndipo munthu wodziimba mlandu saona njira.

Nanga kudzifufuza kuthandiza chiyani ngati vuto lili pa ntchito? Kutopa kumaphatikiza mafunso angapo n'kuwaonetsa ngati limodzi. Mayi uja akamati "ndisiye," mwina watopa ndi unamwino weniweniwo. Mwina watopa ndi wodi imeneyo, kumene amaona ana akumwalira sabata ndi sabata. Mwina ndi manaiti otsatizana, kapena mkulu wina wosamva za anzake, kapena ngongole imene imamulowetsa lokamu. Lililonse la mavutowa lili ndi mankhwala akeake. Wosiya ntchito chifukwa cha tulo adzaisowa ntchitoyo akadzagona mokwanira.

Njira yosavuta yolekanitsira mafunsowa ndi kope ndi cholembera. Kwa mwezi umodzi, akaweruka, alembe zinthu ziwiri zokha: chimene chamuthera mphamvu lero, ndi mphindi imene mtima wake unatsitsimukako, ngakhale pang'ono. Asalembe kuti "lero kunali kovuta," koma atchule chenichenicho, nthawi yake ndi amene analipo. Tsiku limodzi limanamiza. Masiku 30 akaikidwa pamodzi amayamba kuonetsa zimene zikubwerezabwereza.

Mwina mayi wathu adzapeza kuti pafupifupi paliponse pamene analemba za kutsitsimuka panali kuphunzitsa: kuonetsa wophunzira mmene angapezere mtsempha wa khanda, kufotokozera mayi kasungunulidwe ka Thanzi ORS mpaka atamvetsa. Ameneyu unamwino sunamuthere. Akhoza kufunsa za kuphunzitsa m'makoleji a anamwino, kapena za unamwino wa m'madera, umene mbali yake yaikulu ndi kulangiza ndi kuteteza matenda. Wina adzapeza kuti amapepukidwa akakhala ndi wodwala mmodzi nthawi yaitali osathamangitsidwa; ameneyu aganizire za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, monga chimene chimaperekedwa ku Ndi Moyo ku Salima, kapena za matenda a maganizo, monga ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu. Wokonda kulemba zinthu mwadongosolo angayang'ane ku ntchito za kafukufuku. Amene ali ndi dipuloma angafune kuwonjezera maphunziro ku Mzuzu University kapena ku KUHeS, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Tisanamizane: malo amenewa ndi ochepa, ndipo sukulu imafuna ndalama ndi zaka. Komabe wodziwa chimene akufuna amadziwanso zoyamba kufunsa, ndipo nthawi zina poyambira pamangokhala kupempha a matroni kuti amusinthe wodi.

Padzakhalanso wina amene kope lake lidzakhala lopanda kanthu mbali ya kutsitsimuka mwezi wonse. Ife timafulumira kunena kuti unamwino ndi maitanidwe, ndipo mawuwa, ngakhale ndi okoma, amachititsa wofuna kuchoka kudziona ngati wothawa nkhondo. Timakhulupirira kuti ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza, koma kutumikirako sikunamangiriridwe ku yunifomu imodzi. Chofunika kusamala n'chakuti ngati mdimawo wafika ndi kunyumba komwe, moti munthu sakudya, sakugona, sakusangalala ndi ana ake, kapena akuganiza zodzichotsera moyo, kope silikwanira. Ameneyo aonane ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo mosachedwa, ndipo ife timuperekeze.

Mwezi ukatha, akambirane zimene walemba ndi anthu awiri kapena atatu omudziwa bwino. Mmodzi akhale wa pa ntchito, amene angamuuze zimene amaona mwa iye. Wina akhale munthu wosadalira malipiro ake, chifukwa amene timadya za m'thumba lake timavutika kumulangiza moona. Ndipo kalata yosiya ntchito isalembedwe m'mawa wochokera ku naiti.

Tsopano tikambirane. Namwino wa pabanja pathu akanena kuti watopa, timayamba ndi mawu otani, ndipo mawuwo amamuthandiza kuganiza kapena amamutseka pakamwa? Ndi katundu uti wa kunyumba, kaya ndi ana, kuphika kapena zopempha za achibale, amene tingamupepuzeko mwezi umene akudzifufuzawo? Sabata ino aliyense wa ife, kaya ndi mphunzitsi, mlimi kapena wogulitsa pamsika, ayese kulemba zinthu ziwiri zija madzulo aliwonse, ndipo abwere ndi kope lake tikadzakumananso.