Zikoti zinayi za ku Bukoba

Mu Ogasiti 2018, pa sukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Bukoba, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania, chikwama cha ndalama cha mphunzitsi wina wamayi chinasowa. Mlandu unagwera mnyamata wa zaka 13. Mwanayo anakana. Mphunzitsi wamwamuna anatenga ndodo kuti amuululitse, ndipo poti mwana sankavomera, ndodo sinaleke kugwa. Mwanayo anamwalira. Mu Malichi 2019 khoti lalikulu ku Bukoba linapeza mphunzitsiyo wolakwa pa mlandu wakupha, n'kumugamula chilango cha imfa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti Tanzania inali nalo kale lamulo la kakwapulidwe ka ana a sukulu. Linakhazikitsidwa mu 1979, ndipo atalikonzanso anatsitsa zikoti kuchoka pa zisanu ndi chimodzi kufika pa zinayi. Wokwapula akhale mphunzitsi wamkulu kapena amene iye wamupatsa chilolezo. Mkwapulo ukhale wopepuka, ugwe m'manja kapena kumatako mwana atavala. Mtsikana amukwapule mphunzitsi wamkazi, ndipo chilango chilichonse chilembedwe m'buku. Amene analemba zimenezi sanali anthu ankhanza. Ankakhulupirira kuti ndodo ikhoza kuweruzika ngati aipatsa malire.

Koma lamulolo linalembedwera mphunzitsi wodekha, woti akhala pansi, aitana ahedi, atsegula buku, awerenga mpaka kanayi n'kuleka. Munthu wotero nthawi zambiri sakwapula n'komwe. Amene amathamangira ndodo ndi uja mtima wamuwira, wachita manyazi pamaso pa ana kapena pamaso pa anzake, ndipo wotere sawerenga. Choipitsitsa ndi pamene ndodo yasanduka chida chofufuzira mlandu. Mwana akavomera, amati mwaona, ndi wakuba. Akakana, amati ngwouma mutu, onjezani. Wosalakwa ndiye amamenyedwa kwambiri, chifukwa alibe choti aulule.

Maiko ena a m'chigawo chathu chino anasankha kuletseratu. South Africa inatero m'lamulo la sukulu la 1996, ndipo sukulu zina zachikhristu zitakadandaula, khoti loona za malamulo aakulu linakana dandaulolo mu 2000. Zambia inaletsa m'lamulo lake la maphunziro la 2011. Kuno kwathu, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limakaniza chilango chankhanza kapena chonyazitsa munthu, ndipo aphunzitsi a sukulu za boma saloledwa kumenya ana.

Komabe mkwapulo ulipobe m'makalasi ambiri, ndipo ena amene amaulimbikitsa ndi ife makolo. Timapita tokha kusukulu kukanena kuti, "Aphunzitsi, ameneyu musamamunyengerere, kuwongola mtengo m'poyamba." Tikatero timaiwala kuti tsiku lomenyedwalo sitidzakhalapo kuti tinene kuti basi zakwana.

Aphunzitsi ndimawamvetsa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pali makalasi a ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi, ena pansi pa mtengo. Kuwalanda ndodo popanda kuwaphunzitsa njira ina n'kuwasiya padzuwa, n'chifukwa chake ena amangosintha mtundu wa nkhanza: kukumbitsa mwana dzenje tsiku lonse anzake akuphunzira, kapena kumugwaditsa pa miyala masana. Koma mphunzitsi adziwe kuti mwana akavulala, kholo lomwe lija linati "mumumenye" ndilo lidzayambe kukafika kupolisi, ndipo wozengedwa mlandu adzakhala iye yekha.

Nkhani ya kuba ipite kwa ahedi, makolo aitanidwe, komiti ya sukulu imve mbali zonse mitima itazizira. Ndipo mwana akabwera kunyumba ndi mikwingwirima, kholo lisayambe ndi funso loti "unalakwanji?" Limuone thupi lonse, limutengere kuchipatala, kenako likaonane ndi ahedi. Zikakanika pamenepo, pali nambala yaulere yothandiza ana, 116.