PHUNZIRO 6: SUKULU YA UKACHENJEDE IKAFIKA M'MUDZI MWATHU

Ambirife kuno ku Domasi tinazionapo izi. Galimoto yaima pabwalo la amfumu, mwatsika anyamata ndi atsikana onyamula mapepala. Akufunsa kuti pakhomo panu mumadya kangati pa tsiku, munakolola matumba angati, ana akudwala chiyani. Ife timayankha mwaulemu, iwo nkulemba, nkumapita. Ine ndinayankhapo kawiri konse, ndipo ulendo wachiwiri anandijambula nditaima pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu. Sanabwerenso. Tsono m'phunziro lino tifunsane: kodi sukulu ya ukachenjede ili ndi ngongole yanji kwa ife, nanga ikatifikira tichite chiyani?

Sukuluyi ndi ya yani?

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Kuyambira mu 2021 koleji imeneyi ndiyo inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, pamene Bunda, koleji ya zaulimi, inali itapatuka kale nkukhala LUANAR. Zonsezi ndi sukulu za boma. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera limachokera ku msonkho, ndipo msonkho timalipira tonse tikagula malata, simenti kapena mayunitsi a foni. Ngakhale mayi amene sanapondepo m'kalasi ali ndi gawo lake pamenepo.

Yunivesite ili ndi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kuchita kafukufuku, ndi kutumikira anthu ozungulira ndi nzeru zimene yapeza. Ntchito yachitatuyi si chifundo ayi. Ndi udindo.

Zimene Domasi anaona kale

Nkhani yobweretsa nzeru za kusukulu m'midzi si yachilendo m'chigwa chino. Mu 1929 boma la atsamunda linatsegula Jeanes Training Centre konkuno. Dzinalo linachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku America amene mu 1907 anapereka chuma chake kuti chithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kwaoko. Siinali yunivesite, koma maganizo ake anali omwewa. Mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, banja lonse nkuphunzira za ulimi, ukhondo, kulera ana ndi ntchito zamanja, kuti akabwerera kwao pakhomo pao pakhale chitsanzo. Patapita zaka zochepa mafumu nawonso anayamba kubwera kudzaphunzira. Mu 1949 boma linasankhanso dera la Domasi kuti liyeserepo ntchito ya chitukuko cha m'midzi.

Koma nthawi yomweyo alangizi a zaulimi ankayenda ndi lamulo m'manja. Wokana kuunda migula monga momwe boma linafunira ankalipitsidwa chindapusa, mwina kumangidwa kumene. Akuluakulu athu amakumbukirabe mawu oti "malimidwe" ndi mkwiyo. Kuteteza nthaka kunali kwabwino, koma poti munthu sanafunsidwe maganizo, anadana ndi mlangizi ndi uphungu wake womwe.

Pamene anthu anafunsidwa

M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College, pakati pao Christopher Kamlongera ndi David Kerr, anagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, monga kwa Mwima. Sankabwera ndi sewero lotha kale. Ankayamba akhala ndi anthu, kumva mavuto a zitsime ndi zimbudzi, kenaka nkupanga sewero limene linkaima pakati kuti oonera anene chochita. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene kudzudzula wamkulu poyera kunali koopsa, komabe m'sewero amayi ankatha kunena zimene pamsonkhano sakananena.

Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Songani. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Bunda, pamodzi ndi anzao a mabungwe ena, anayesa ndi alimi njira zobwezeretsa chonde popanda kudalira feteleza yekha. Panali munda umodzi waukulu pakati pa mudzi, umene ankautcha "mayi", momwe munali njira zonse. Mlimi aliyense ankatengako njira ziwiri kapena zitatu kukayesa m'munda mwake, ndipo timinda timeneto tinali "ana". Anayesa jerejere, ombwe ndi nandolo pakati pa chimanga. Mitengo ija inkathandizadi nthaka, koma alimi ambiri anakonda nandolo, pakuti nandolo amakonza nthaka, amadyedwa, ndiponso amagulitsidwa. Munthu wa kamunda kochepa sangapatse malo mbewu yosalowa mumphika. Apa ophunzira ndiwo anaphunzitsidwa, ndipo ine ndimaona kuti ulangizi weniweni ndi umenewu.

Mtsinje wathu wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Kuyambira mu 2010, kwa zaka zingapo, bungwe la LEAD la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi Pulofesa Sosten Chiotha, linagwirizana ndi a WorldFish ndi a kafukufuku wa zankhalango, ndi thandizo la dziko la Norway, kuthandiza anthu a m'mbali mwa nyanjayi kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Amayi ogulitsa nsomba ku Kachulu anayamba kuumitsa matemba m'nyumba za pulasitiki zotenthedwa ndi dzuwa m'malo moyanika pansi, pa fumbi ndi ntchentche. Koma ntchito yodalira ndalama za kunja imakhala ndi tsiku lotsekera. Pulasitiki ikang'ambika alendo atapita, wogula ina ndani? Funso limeneli lifunsidwe pa msonkhano woyamba, osati wotsiriza.

Ufulu wathu

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 30, akuti anthu onse ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo amayi, ana ndi olumala aganiziridwe mwapadera. Gawo 19 likuletsa kuyesera munthu mankhwala kapena za sayansi popanda chilolezo chake. Tsono ofufuza akafika, kuwafunsa si mwano. Afotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti atumidwa ndi yani, akufuna chiyani, ndipo zotsatira adzabwera nazo liti. Chilolezo cha amfumu chimawalola kulowa m'mudzi, koma kuyankha kapena kukana nkwa inu mwini. Musadinde chala pa pepala limene simunaliwerengeredwe. Mlembi wa komiti ya chitukuko ya VDC alembe m'buku maina a alendowo, kumene achokera ndi zimene alonjeza.

Komanso tisamangodikira galimoto. Komiti ingathe kulemba kalata, kudzera kwa mlangizi wa boma kapena ku komiti ya ADC, kupempha akatswiri kuti adzaone vuto limene latisautsa, kaya ndi nsomba zosakula m'damu, kaya ndi mbozi m'chimanga. Kuchoka pa Domasi kufika ku Chirunga ndi ulendo wa minibasi wosakwana ola limodzi.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Ndi ofufuza angati amene anafikapo m'mudzi mwathu? Alipo amene anabwerera kudzatiuza zotsatira?
2. Pa misonkhano yotere amayankhula kwambiri ndani? Nanga amayi amasiye ndi achinyamata amamveka?
3. Ndi vuto liti limodzi limene tingalembere kalata mwezi uno, ndipo aipereke ndani?